Kodi kirkiana pa dzina la masuku akutanthauza chiyani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa biology pa sekondale ina kuno ku Zomba. Mwezi wathawu ndinapita ndi ana a Fomu 3 ku Botanic Garden. Tikuwerenga mayina a mitengo, mtsikana wina anandifunsa kuti liwu lachiwiri pa mayina asayansi limatanthauza chiyani, ndipo anapereka chitsanzo cha masuku, Uapaca kirkiana. Ndinangoti ndi Chilatini, koma mumtima ndinadziwa kuti sindinamuyankhe. Ana athu amangoloweza mayinawa chifukwa cha mayeso. Kodi ali ndi tanthauzo? Nanga munthu angawawerenge bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, mtsikana ameneyo mumulimbikitse, chifukwa funso lakelo ndi limene ambiri a ife ogwira ntchito ya zomera tinayambira. Inde, mawu achiwiriwa ali ndi tanthauzo, pafupifupi onse. Koma ndikufuna ana anu agwire chinthu chimodzi kuyambira pachiyambi: tanthauzo la dzina ndi ntchito ya dzina ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wotchedwa Mavuto anapatsidwa dzinalo chifukwa cha zimene zinkachitika pakhomo nthawi imene ankabadwa. Akakula n'kukhala pa mtendere sasintha dzina, ndipo aliyense akaitana kuti Mavuto amadziwa amene avomere. Mayina asayansi ali chimodzimodzi. Amatiuza zimene wopereka dzina anaona, kumene anali, kapena munthu amene ankafuna kumulemekeza. Sakhala ndi nkhani yonse ya chamoyocho, ndipo nthawi zina amasocheretsa.

Tsegulani rejisitala yanu ya m'kalasi. Mumayamba ndi mfunda, kenako dzina la mwana: Phiri Chimwemwe, Phiri Tadala, Banda Chimwemwe. Liwu loyamba pa dzina lasayansi, lomwe mumaphunzitsa kuti genus, lili ngati mfunda, ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu. Lachiwiri lili ngati dzina la mwanayo, ndipo limayamba ndi chilembo chaching'ono ngakhale litachokera ku dzina la munthu kapena la dziko. Monga momwe a Chimwemwe angakhalire atatu m'kalasi imodzi, liwu lachiwiri palokha silikwanira. Mango ndi Mangifera indica, nimu ndi Azadirachta indica, ndipo mitengo iwiriyi si yapachibale chapafupi. Mwana akalemba indica yekha pa mayeso sanatchule chilichonse. Dzina la species, kapena kuti mtundu wa chamoyocho, ndi mawu awiri onse pamodzi, olembedwa mopendeketsa m'buku, kapena odulidwa mzere kunsi polemba pamanja.

Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'buku lake la zomera Species Plantarum la mu 1753, ndipo kwa nyama timawerengera kuyambira pa Systema Naturae imene inatuluka kachikhumi mu 1758. Iye asanatero, dzina la chomera linkakhala chiganizo chachitali chofotokoza masamba, maluwa ndi tsinde, ndipo chomera china chofanana nacho chikapezeka, chiganizocho chinkatalikirabe. Chilatini chinalowapo chifukwa ndicho chinali chinenero cha anthu ophunzira ku Ulaya konse nthawi imeneyo. Chatsalabe mpaka lero chifukwa palibe dziko limene lingati n'langa, komanso sichisinthasintha ngati zinenero zolankhulidwa pamsika. Ife tomwe tikudziwa kuti mbewu imodzi ena amati mtedza, ena nsawa, Atumbuka amati skaba. Wofufuza wa ku Chitedze akamalemberana ndi mnzake wa ku India, Arachis hypogaea imathetsa kufunsana konse. Komatu si mawu onse amene ali Achilatini chenicheni. Ambiri ndi Achigiriki, ena ndi a zinenero zina, angovekedwa malaya a Chilatini.

Mtedza womwewu ndi poyambira pabwino. Hypogaea ndi Chigiriki, kutanthauza pansi pa nthaka, chifukwa duwa likatha kamphukira kake kamalowa m'dothi n'kukabereka mmenemo. Nzama nazo zimachita chimodzimodzi, ndipo dzina lake ndi Vigna subterranea, liwu la Chilatini lotanthauza zomwezo. Mbewu ziwiri za m'munda umodzi, tanthauzo limodzi, zinenero ziwiri. Gulu lalikulu la mayinawa ndi lotere, lofotokoza maonekedwe kapena khalidwe. Mlambe ndi Adansonia digitata, kuchokera ku digitus, chala, ndipo mwana aliyense akatola tsamba la mlambe waukulu n'kuliyerekeza ndi dzanja lake sadzaiwalanso. Nsangu ndi Faidherbia albida chifukwa nthambi zake zanthete n'zotuwa moyererako. Chisoso, Bidens pilosa, chili ndi nkhani ku mawu onse awiri: bidens ndi mano awiri, timinga tija timakakamira pa sokosi, ndipo pilosa ndi chaubweya. Chammwamba ndi Moringa oleifera, chobereka mafuta, ndipo njere zake zilidi ndi mafuta. Mitengo ya paini imene inadzalidwa yambiri pa phiri lathu la Zomba, Pinus patula yochokera ku Mexico, patula wakeyo ndi kutambasuka.

Mayina ena amandikhudza chifukwa amene anawapereka anaona zomwe mlimi ndi mayi wa kumudzi akuona lero. Mbozi ya ntchemberezandonda, imene inafika mu Africa mu 2016, ndi Spodoptera frugiperda, ndipo frugiperda ndi wowononga zokolola. Mmodzi wa udzudzu wofalitsa malungo kwambiri kuno ndi Anopheles funestus, kuchokera ku funus, maliro. Nkhwazi, yomwe mabuku ambiri amailemba kuti Haliaeetus vocifer, ndi yamawu okweza, ndipo amene anagonapo m'mbali mwa nyanja akudziwa kulira kwake kwa m'mawa.

Pali mawu ochepa amene amabwerezedwa kwambiri, oti ana akawadziwa awerenga mayina ambirimbiri okha. Vulgaris ndi wamba, monga nyemba, Phaseolus vulgaris. Esculenta ndi edulis ndi chodyedwa. Officinale ndi chomera chimene chinkasungidwa m'nyumba zopangira mankhwala kalelo, monga jinja, Zingiber officinale. Sativa ndi cholimidwa.

Pa sativa ndiime pang'ono, chifukwa apa ana olankhula Chichewa ali ndi mwayi woposa ana a ku England. Mpunga ndi Oryza sativa, adyo ndi Allium sativum, nkhaka zogula pamsika zija ndi Cucumis sativus. Liwu ndi limodzi, mathero ndiwo atatu. Mwana wolankhula Chingerezi chokha zimamuzunguza, koma ife timanena tsiku lililonse kuti mtengo waukulu, chimanga chachikulu, dengu lalikulu. Liwu lofotokoza limatsatira gulu la dzina limene likufotokoza. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha kumayambiriro, Chilatini chimasintha kumathero, ndipo magulu ake ndi atatu okha: aamuna, aakazi, ndi osakhala mbali iliyonse. Ndiye chamoyo chikasamutsidwira ku genus ina, nthawi zina mathero a dzina lachiwiri amasintha. Makumba a ku Chilwa m'mabuku akale mudzawapeza ali Tilapia shirana, pamene atsopano akuti Oreochromis shiranus. Nsomba ndi yomweyo, mwana wangosintha mfunda, dzina lake n'kutsatira.

Gulu lachiwiri ndi la malo. Mukaona mathero akuti -ensis, -ense, -ica kapena -icus, nthawi zambiri kumbuyoko kuli dzina la dera. Mlombwa ndi Pterocarpus angolensis, wa ku Angola. Mbawa m'mabuku ambiri a zankhalango ndi Khaya nyasica, ya ku Nyasa. Mtundu umodzi wa chambo ndi Oreochromis karongae, wa ku Karonga. Zomba yathu nayo ilimo: pali duwa la mtundu wa orchid lotchedwa Disa zombica. Mayinawa amasunganso kalembedwe ka nthawi ya atsamunda. Kambalame kosowa ka m'nkhalango za ku Thyolo n'kotchedwa choloensis chifukwa azungu ankalemba kuti Cholo, ndipo nanzikambe wa pa phiri la Mulanje ndi mlanjensis, kuchokera ku Mlanje.

Apa ndi pamene dzina limanamiza munthu wosachenjera. Mlombwa si mlendo wochokera ku Angola, ndi mtengo wathuwathu, kungoti chitsanzo chimene anagwiritsa ntchito poulemba koyamba chinachokera kumeneko. Mlamba umene amayi amagula wowamba pa msika wa Zomba, wochokera ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, ndi Clarias gariepinus, ndipo Gariep ndi dzina la Akhoikhoi la mtsinje wa Orange ku South Africa. William Burchell anaulemba mu 1822 ataupeza kumeneko, koma nsombayi ili pafupifupi mu Africa monse. Mapichesi ndi Prunus persica, ngati kuti kwawo ndi ku Persia, chonsecho anachokera ku China, ku Persia anangodutsako popita ku Ulaya. Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka ndi bulugamu wa mtundu wa Eucalyptus camaldulensis. Kwawo ndi ku Australia, koma dzina lake likutchula Camaldoli, pafupi ndi Naples ku Italy, chifukwa mtengo umene anaufotokoza mu 1832 unali wodzalidwa m'munda wa kumeneko. Kaufiti, Striga asiatica, amene amafooketsa chimanga m'minda yoguga, alimi athu sangavomere kuti ndi wa ku Asia yekha.

Chenjezo lomweli lipite kwa mawu a zakudya ndi mankhwala aja, ndipo apa pali moyo wa munthu. Chinangwa chonse, chozuna ndi chowawa chomwe, ndi Manihot esculenta, chodyedwa. Koma chowawa chija munthu akadya chosaviika m'madzi ndi kuyanika bwino chimamupweteka, mwinanso kumupha, chifukwa cha poizoni wa cyanide. Agogo amene amaviika chinangwa masiku angapo akudziwa zoposa zimene dzinalo likunena. Ndakumanapo ndi anthu ogulitsa mankhwala azitsamba amene amaloza officinalis pa botolo ngati umboni woti mankhwalawo anayesedwa. Liwulo likungosimba kuti zaka mazana apitawo chomeracho chinkapezeka pa shelefu ya wopanga mankhwala. Silikunena za mlingo, silikunena kuti chimachiza chiyani.

Tsopano tifike pa masuku. Kirkiana ndi dzina la munthu, John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene ankasonkhanitsa zomera pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, umene unayamba mu 1858. Mu Epulo 1859 awiriwa anafika pa nyanja ya Chilwa, kuseri kwathu konkuno. Zomera zimene Kirk ankaumitsa ankazitumiza ku Ulaya, ndipo katswiri wa ku Switzerland, Johannes Müller, anatcha mtengo wa masuku dzina lomulemekeza. Mathero akuti -iana, -ianus kapena -anum amatanthauza kuti chokhudzana ndi uje. Njira ina ndi kunena kuti cha uje, ndipo mathero ake amakuuzani ngati wolemekezedwayo anali mwamuna, mkazi kapena anthu angapo. Mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ndi Widdringtonia whytei, wa Alexander Whyte, amene anabwera ndi Harry Johnston mu 1891 ndipo ndi amene anayambitsa munda womwe munapita ndi anawo. Amene analemba dzina la mtengowu ndi Alfred Rendle, mu 1894. Whyte yemweyo alinso mu Helichrysum whyteanum, duwa la pa phiri lomwelo, ndiye ana aone njira ziwirizo pa munthu mmodzi. Aloe buchananii ndi ya John Buchanan, amene ankalima khofi kuno ku Zomba. Nthawi zambiri a zomera amaika -i mmodzi dzina likathera ndi vawelo, ndi -ii likathera ndi konsonanti, n'chifukwa chake whytei ndi buchananii akusiyana. Kwa mkazi amaika -ae: mbuna yotchedwa Labeotropheus trewavasae ikulemekeza Ethelwynn Trewavas, mayi wa ku Britain amene anathera zaka zambiri akuphunzira nsomba za m'nyanja za Africa, ya Malawi yomwe. Kwa anthu awiri kapena kuposa nthawi zambiri amaika -orum: kananzikambe kakang'ono ka ku Malawi Hills ku Nsanje, Rhampholeon chapmanorum, n'ka Jim ndi Betty Chapman, banja limene linagwira ntchito yaikulu pa nkhalango za dziko lino.

Ndikudziwa funso limene mtsikana uja abwere nalo mukamuuza zimenezi, chifukwa inenso limandivutitsa. Masuku anthu ankadya Kirk asanabadwe. Mkungudza anthu a ku Mulanje ankaudziwa ndi dzina. Whyte sanakwere phiri lija yekha: panali omulondolera njira, onyamula katundu, okwera mumtengo kukathyola nthambi ya zipatso. Mayina awo sanalowe m'mabuku. Anawo muwauze zoona zake, kuti dzina lasayansi silinena amene anayamba kuona chamoyo, limanena amene anayamba kuchilemba motsatira malamulo a sayansi, ndipo kwa zaka zambiri cholembera chinali m'manja mwa alendo okha. Sindikunyoza ntchito ya Kirk kapena Whyte, inali yeniyeni ndipo timaigwiritsabe ntchito. Koma mwana wa ku Zomba asamaganize kuti masuku anayamba kudziwika mzungu atafika.

Muwauzenso kuti malamulo saletsa chinenero chathu kulowa m'mayinawa, ndipo chinalowa kale. Nanzikambe wa ku Mulanje uja genus yake ndi Nadzikambia, yokhazikitsidwa mu 2006, kuchokera ku dzina la Chichewa la nyamayo. Pa nsomba za m'nyanja ya Malawi pali genus yotchedwa Mchenga, ya nsomba zokonda pamchenga, ndi ina yotchedwa Chindongo. Mu genus imeneyi muli Chindongo saulosi, imene Ad Konings anaitcha mu 1990 polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi wodziwa kumira m'madzi amene anaipeza. Chambo china ndi Oreochromis lidole, dzina la asodzi lomwelo osasintha n'komwe. Tsanya wa ku Liwonde ndi Colophospermum mopane, ndipo mopane ndi dzina lake m'zinenero za kumwera kwa Africa. Ngakhale chimanga, Zea mays, mays wakeyo anachokera kwa Ataino a ku zilumba za Caribbean. Mawu ngati lidole, mopane ndi mays si ofotokoza, ndi mayina chabe oikidwa pambali pa genus, ndiye sasintha mathero. Komanso Mmalawi akhoza kukhala wopereka dzina: Elizabeth Gomani anatcha dinosaur ina Karongasaurus mu 2005, ndipo anali m'gulu limene mu 1993 linapereka dzina la Malawisaurus. Kuyambira pa 1 Januwale 2012, wolemba chomera chatsopano saumirizidwanso kuchifotokoza m'Chilatini, Chingerezi n'chololedwa, ngakhale kuti dzinalo liyenera kuvala maonekedwe a Chilatini.

Nanga bwanji osangokonza mayina olakwikawo, mlamba uleke kutchedwa wa ku Gariep? Lamulo lalikulu n'lakuti dzina loyamba kulembedwa moyenera ndilo limakhala, ndipo limamangiriridwa ku chitsanzo chimodzi chosungidwa, chomera chouma chomatidwa pa pepala kapena nsomba ya m'botolo. Pakakhala mkangano, akatswiri amabwerera ku chitsanzocho, osati ku tanthauzo la liwu. Ntchito yosunga zitsanzo zoterezi ndi imene imachitika ku National Herbarium konkuno ku Zomba. Ine ndimagwirizana ndi lamulo limeneli. Dzina lililonse likamasinthidwa munthu akapeza kuti silikukwanira bwino, dokotala, wogulitsa mbewu ndi wa zankhalango adzasiya kumvana, ndipo mabuku a zaka 270 adzasanduka osawerengeka.

Komabe pali malire. Mu Julayi 2024, pa msonkhano waukulu wa akatswiri a zomera ku Madrid, anavota kuti mayina oposa 200 okhala ndi caffra ndi mawu ofanana nawo asinthidwe kukhala afra, kutanthauza cha ku Africa. Liwu lakalelo linachokera ku chipongwe chimene anthu akuda ankatukwanidwa nacho ku South Africa, ndipo agogo athu amene anapita ku Theba analimva ndi makutu awo. Mfula wathu unali ndi liwu limenelo pa dzina lake. Kusintha kumeneku ndinakulandira ndi mtima wonse. Dzina losocheretsa pa za malo tikhoza kukhala nalo n'kumalifotokoza m'kalasi, koma sindingafune mwana wa Fomu 3 aloweze chipongwe chonenera agogo ake kuti akhoze mayeso.

Tinthu tina ting'onoting'ono ana adzakufunsani. Zilembo zotsatira dzina, monga L. pa Zea mays L., ndi chidule cha amene anapereka dzinalo, pano Linnaeus, ndipo si mbali ya dzina. Fisi ndi Crocuta crocuta, liwu limodzi kawiri, zimene a nyama amalola koma a zomera amakana, ngakhale nandolo, Cajanus cajan, anatsala pang'ono. Mukaona sp. ndiye kuti genus ikudziwika koma species sinatchulidwe. Pa katchulidwe, ana asachite mantha. Mavawelo a Chilatini amamveka pafupifupi ngati athu, a, e, i, o, u, ndiye mwana akawerenga digitata kapena subterranea monga momwe amawerengera Chichewa, watchula bwino kuposa amene amakokera ku Chingerezi. Mayina a anthu okha ndi amene timayesetsa kuti mwiniwake amveke: whytei ndi Whyte kenako i.

Pa za kuloweza, ine ndikanakhala inu ndikanawatuma anawo ku msika waukulu wa Zomba Loweruka lina, aliyense alembe zinthu khumi zimene waona pa benchi, ndi dzina limene wogulitsa watchula, kaya m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Lolemba mufufuze limodzi mayina asayansi, kenako mwana aliyense anene ngati liwu lachiwiri likufotokoza maonekedwe, malo, munthu kapena ntchito, komanso ngati likunena zoona. Zimene zakanika mukafunse ku Herbarium kapena ku Forestry Research Institute, zonse zili mumzinda mommuno. Pa benchi ya nsomba adzapeza matemba, omwe dzina lawo lachiwiri ndi paludinosus, a m'dambo, ndipo aliyense amene anaona mabango ndi njedza za ku Chilwa avomereza. Adzapezanso makumba, ndipo apo muwaonetse kuti nthawi zina pamabwera liwu lachitatu, la kagulu ka mkati mwa species. Makumba a ku Chilwa ndi Oreochromis shiranus chilwae: shiranus akutchula mtsinje wa Shire, chilwae akutchula nyanja imene nsombayo yavuulidwa, ndipo amene analemba liwu lachitatulo ndi mayi Trewavas aja.